Masokosi a Nélida

Pasukulu ya Nélida panali malamulo ambiri, koma lomwe ahedi ankalikonda ngati mwana wawo womaliza linali la masokosi. Mtsikana aliyense ankayenera kuvala masokosi oyera, aatali, okokedwa mpaka m'mawondo. Mwana ankatha kubwera m'mimba muli pululu, kapena akutsokomola mpaka kutuluka misozi, palibe ankafunsa. Koma sokosi ikangoterereka pang'ono, ahedi a Amparo ankaiona ali pawindo la ofesi yawo kutsidya kwa bwalo, ndipo dzina la mwini sokosiyo linkalowa m'kabuku.

Wolemba mainawo anali Briseida Zevallos, brigadiya wa sukulu yonse, mwana amene aphunzitsi amamusankha kuti aziyang'anira anzake. Anali m'kalasi yachisanu ndi chimodzi ngati Nélida, wazaka khumi ndi ziwiri ngati Nélida, ndipo sanali wamkulu thupi ayi. Kuwaimika awiriwa msana ndi msana, Nélida ndiye ankaposa ndi zala ziwiri. Koma Briseida anali ndi chingwe chofiira choluka paphewa, wezulo pakhosi, ndi ndodo yonyezimira ya mutu wamkuwa. Bambo ake ndiwo anali apampando a komiti ya makolo, ndiponso ndiwo anagulira sukulu ng'oma zatsopano. Izi ankazidziwa aliyense, ngakhale tiana ta kalasi yoyamba tosatha n'komwe kumanga zingwe za nsapato.

Ku Huancayo, tauni ya kumapiri komwe kunali sukuluyi, Julaye ndi mwezi wa chisanu choluma zala m'mawa, dzuwa loswa mtengo masana, ndi perete. Patsiku la ufulu sukulu zonse zimaguba mumsewu waukulu pamaso pa akuluakulu, ndipo yoguba bwino imatenga mbendera yaulemu. Ndiye Julaye akangolowa, masamu amayamba adikira kaye. Ana ankathera theka la tsiku pabwalo la fumbi, mwendo wowongoka, phazi kuliponya mpaka m'chiuno, kulibweza pansi kuti phu, kenaka linzake. Aphunzitsi a Eusebio, omwe ankayenera kuyang'anira zonsezi, ankakhala pamthunzi wa khoma ndi nyuzipepala yawo. Woyenda pakati pa mizere anali Briseida.

Mwambo unalipo woti brigadiya amagogodako mwendo waulesi ndi ndodo. Kugogodako anali mawu a aphunzitsi. Ana anali ndi mawu awo, koma sankawatchula mokweza. Briseida sankamenya pamkono kapena pabondo poonekera. Ankadziwa pomenya: kukatumba, pamene sokosi imaphimba bwinobwino.

Ambiri ankalawako ndodoyo mwa apo ndi apo, koma Nélida ankaidya tsiku ndi tsiku ngati chakudya cham'mawa. Iye anabwera m'tauni zaka ziwiri zapitazo kuchokera kumudzi wa kumtunda komwe anthu amaweta nkhosa, ndipo analakwa zinthu ziwiri: ankakhoza masamu kuposa Briseida, komanso phazi lake linkakwera kuposa la wina aliyense. N'chifukwa chake a Eusebio anamuika mumzere woyamba, kumapeto cha kumanja, mbali yoyang'anana ndi nsanja ya akuluakulu.

"Kweza mwendo, Nkhosa," ankatero Briseida, mwendowo uli kale m'mwamba. "Kapena ukuyesa uli kubusa kwanu?"

Nélida ankangoluma mlomo. Anali ndi chifukwa chopirira. Bambo ake, a Fortunato, ankagwira ntchito kumgodi wakutali ndipo ankabwera kunyumba katatu kokha pachaka. Sanamuonepo mwana wawo akuguba. Chaka chino anachonderera mnzawo kuti asinthane masiku opuma, ndipo uthenga unafika woti akubwera, achapiretu chipewa chawo chabwino chija. Nélida ankati akatseka maso, ankawaona ataima m'mbali mwa msewu akuloza ndi chala, akuuza anthu osawadziwa n'komwe kuti wakumanja uyo ndi wanga. Chimenecho ankachifuna kwambiri moti chinkamupweteka pachifuwa.

Tsiku lina pa nthawi yopuma, ana angapo anakhala kuseri kwa kalasi akutafuna chimanga chokazinga, nkhani n'kufika pa Briseida. Anaiyambitsa ndi Zoraida, mnzake wa Nélida, kamtsikana kakafupi kapakamwa posatseka. Ankati iye zimamudabwitsa kuti munthu woti ukhoza kum'kankha ndi chala chimodzi akuzunza sukulu yonse. Mnyamata wina anati mphamvu zake zili mundodo, kungomulanda basi watha. Wina anatsutsa, amvekere ndodo ndi mtengo chabe, mphamvu ndi bambo ake ndi ng'oma zawo zija. Zoraida anati onse akunama, choopsa ndi kabuku, chifukwa ndodo imapweteka tsiku limodzi koma kabuku kamakafika kwa makolo.

"Nanga iwe, Nélida? Iwe amene umanyamula matumba a mbatata, bwanji osangom'patsa khofi limodzi?"

"Ndikhoza kum'gwetsa," anatero Nélida.

"Ndiye ukudikira chiyani?"

"Ine ndikam'menya, imeneyo ndi ndewu. Iye akandimenya, amenewo ndi maphunziro."

Anzake aja anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Aliyense anayamba kuyang'ana chimanga chake.

Lachinayi la sabata yotsatira, ndodo inatera pa bala ladzulo. Nélida anapirira. Inateranso pomwepo kachiwiri, mwendo n'kuchita dzanzi mpaka kuchidendene. Briseida atakweza dzanja kachitatu, Nélida anatembenuka n'kuigwira ndodoyo ili m'malere. Sanam'khudze mwiniwake ngakhale ndi chala. Anangoitsomphola, n'kuizunguza kamodzi monga ankachitira ndi legeni pothamangitsa nkhandwe kumudzi, n'kuiponya. Ndodo inakagwera padenga la zimbudzi, inagubuduka pamalata ikulira ngati mphika wakugwa, n'kukakodwa mungalande yamadzi. Ng'oma zinasiya. Bwalo lonse linati zii, kufikira kamwana kena ka kalasi yachiwiri kanaphulika ndi phwete.

Muofesi, Briseida analira mokongola, misozi iwiri yoyenda pang'onopang'ono, osasokoneza nkhope. Ahedi a Amparo anam'patsa kansalu kopukutira. Kenaka anavula magalasi n'kunena kuti ana awiri akakangana onse amakhala olakwa, ndipo iwo alibe nthawi yofufuza kuti anayamba ndani. Nélida anayesa kufotokoza kuti sipanakhale kukangana kulikonse, kuti iye amamenyedwa tsiku lililonse. Ahedi anati brigadiya samenya, amawongolera. Nélida anawerama kuti awaonetse mwendo, koma dzanja lisanatsitse n'komwe sokosi pakati, mawu anam'peza.

"Kweza sokosiyo. Muno ndi muofesi, si kumsika."

Chigamulo chinali chimene sukuluyo inkanyadira kwambiri, mwambo womwe ankautcha kukumbatirana kwa mtendere. Lolemba m'mawa, akatha kukweza mbendera ndi kuimba nyimbo ya fuko, ana okanganawo ankaima kutsogolo, aliyense n'kunena pachimkuzamawu kuti ndikhululukire mnzanga, n'kukumbatirana, sukulu yonse n'kuwomba m'manja. Ahedi ankakonda kuuza alendo kuti pasukulu pawo palibe mwana wozunza mnzake, ndipo umboni wake unali mwambowu. Anatsiriza ndi kunena kuti wokana kukumbatira mnzake sadzaguba pa perete. Ponena zimenezi ankayang'ana Nélida yekha.

Lamulungu masana, amayi ake, a Teodora, atabwerako kokagulitsa emoliente, chakumwa chotentha cha zitsamba chomwe ankagulitsira pangolo pakhomo la msika, anam'khazika mwana wawo pampando n'kumuthowa miyendo ndi madzi ofunda. Ataona mikwingwirima, ina yakuda, ina yobiriwira, ina yayamba chikasu, anasiya kuthowa. Anatukwana m'chinenero cha kumudzi, mawu omwe Nélida anali asanawamvepo m'kamwa mwawo. Koma atatha kutukwana anausa moyo n'kuyamba kum'nyengerera. Anati kukumbatira munthu sikupha. Anati iwo amamwetulira oyang'anira msika m'mawa uliwonse, pamene mumtima akuwafunira zipere. Anati a Zevallos ndi anthu oti akatsokomola ofesi yonse imaimirira, ndiye ife ndife ndani.

"Mamá, ndipepese chiyani?"

"Pepesa ndodo, mwana wanga. Pepesa denga. Pepesa chilichonse. Bambo ako akwera basi maola khumi ndi awiri."

Apo ndiye panam'pweteka. Nélida anatuluka panja n'kukayeserera mawu aja kuseri kwa nyumba, akuuza khoma kuti ndikhululukire mnzanga. Mawuwo ankatuluka ndithu. Anawanena kasanu, ndipo pofika kachisanu anali atatsimikiza kuti mawa akawanena, akakumbatira, akameza malovu, nkhani n'kutha.

Lolemba kunacha ndi chisanu choyeretsa malata. Ana mazana anayi anaima m'mizere, mpweya ukufuka m'kamwa. Mbendera inakwera, nyimbo inaimbidwa, ahedi analankhula za chikondi kwa nthawi yaitali ndithu, kenaka anaitana atsikana awiriwo. Briseida anabwera chingwe chili paphewa, ndodo ili m'khwapa, poti mlonda anali ataitsitsa padenga n'kuipukuta. Ananena mawu ake momveka bwino, ndi liwu lofewa la mwana wa kwaya, n'kutambasula dzanja limodzi. Linalo linali litapana ndodo. Ndipo akumwetulira chomwecho, ananong'ona mawu oti amve Nélida yekha.

"Bwera msanga, Nkhosa. Masana tikumana pabwalo."

Nélida anayang'ana dzanja lotambasulalo, n'kuyang'ana ndodo. Mawu onse omwe anauza khoma dzulo anam'thawa. Mantha anali nawo, koma mkwiyo unali waukulu kuposa mantha. Anayandikira chimkuzamawu.

"Ahedi, munati takangana ana awiri. Ine pano ndikuona mwana mmodzi, winayo ndi brigadiya. Avule chingwe, aike ndodo pansi, ndim'kumbatira."

Mizere inayamba kunong'ona. Ahedi anamwetulira kumwetulira kouma, n'kunena kuti chingwe ndi ulemu wa sukulu, sichivulidwa chifukwa cha makani a mwana. Anam'uza kuti anene mawu ake anthu alowe m'kalasi.

Nélida anawerama n'kutsitsa sokosi yakumanzere mpaka m'kakolo, kenaka yakumanja, mosafulumira. Atatero anatembenuka, kufulatira sukulu yonse, kuti aliyense aone bwino akatumba ake. Tiana ta kutsogolo tinaimirira ndi zala kuti tione. Mphunzitsi wina wamkazi anagwira pakamwa.

"Kweza masokosi, Huallpa," anatero ahedi, kum'tchula dzina la bambo ake monga ankachitira akapsa mtima.

"Sindikweza."

"Ukudziwa chimene ukutaya?"

"Ndikudziwa, ahedi."

Atatembenukanso, maso ake anafunafuna Zoraida. Mumtima ankayembekeza kuti wina, ngakhale mmodzi, anena kuti nanenso amandimenya. Zoraida anali atazyolika, akuwerenga timiyala ta pansi. Anyamata aja omwe ankadziwa bwino komwe kuli mphamvu za Briseida anali akuyang'ana mbendera ngati aiona koyamba. Izi zinam'pweteka Nélida kuposa ndodo. Ahedi analengeza kuti malo ake mumzere woyamba atenga wina, ndipo sukulu inalowa m'kalasi popanda wowomba m'manja.

Sabata yonseyo Nélida ankakhala pabenchi m'mbali mwa bwalo anzake akuguba, masokosi ali m'akakolo. Tsiku lililonse Briseida ankabwera kudzalemba dzina lake m'kabuku, ndipo tsiku lililonse Nélida ankam'thandiza kutchula zilembo zake, kuti asavutike. Chinasintha n'chimodzi chokha: a Eusebio anapinda nyuzipepala n'kuyamba kuyenda okha pakati pa mizere, osanena chifukwa. Zoraida anabwera kawiri ndi chimanga chokazinga m'manja, Nélida n'kum'yang'ana ngati sakum'dziwa. Kachitatu Zoraida anangosiya chimangacho pabenchi n'kunena kuti si aliyense ali ndi mtima ngati wako, ena timaopa. Nélida anadikira kuti achoke, kenaka anadya chimangacho, chifukwa njala inalipo.

A Fortunato anafika kutatsala tsiku limodzi kuti perete achitike, fumbi lili m'tsitsi, chikwama chili paphewa. Asanakhale n'komwe pansi anafunsa ngati chipewa chawo chachapidwa. A Teodora analowa kukhitchini n'kuyamba kugundanitsa mapoto. Zinatsalira Nélida. Anafotokoza zonse ataimirira, maso ali pa nsapato za bambo ake, ndipo atafika ponena kuti sadzaguba, mawu anam'thera, misozi yomwe anaikaniza sabata yonse n'kutsika. Bambo akewo anagwada, n'kum'tembenuza, n'kuyang'ana miyendo ija nthawi yaitali.

"Unam'menya?"

"Ayi, Papá."

"Nanga ndodo inakwera bwanji padenga?"

"Ndinaiponya."

"Kuchokera pati?"

"Pakati pa bwalo."

A Fortunato anayeza mtundawo m'mutu, chifukwa bwalolo ankalidziwa, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wamva mtengo wabwino wa nkhosa. Anati mawa apita kukaonera. Nélida anakana, anati sangakaime m'mbali mwa msewu anthu n'kumam'loza. Iwo anati sanakwere basi maola khumi ndi awiri kudzakhala m'nyumba, ndipo avale yunifolomu yake yonse, masokosi awavale mmene akufunira mwiniwake.

Kutacha, msewu waukulu unadzaza moti mwana sakanaona kanthu koma misana ya anthu. A Fortunato anakankhakankha mpaka anapeza kakhoma kakafupi moyang'anizana ndi nsanja ya akuluakulu, n'kumukweza Nélida kuti aime pamenepo. Pansanjapo panali a meya, asilikali awiri a nyota zambiri, ndi ahedi a sukulu zonse, a Amparo ali pakati pawo ndi suti yabuluu. Sukulu zinadutsa zisanu ndi imodzi. Nélida anazindikira ng'oma za sukulu yawo zisanaoneke n'komwe. Analakalaka akanangokumbatira.

Mbendera ya fuko inadutsa, amuna onse anavula zipewa n'kuzivalanso. Pambuyo pake panabwera Briseida, yekha kutsogolo, chibwano m'mwamba, ndodo ikung'anima. Ankaguba bwino, chilungamo chinenedwe. Ndipo lamulo la perete ndi lakuti brigadiya akangoponda mumsewu waukulu sacheuka, maso amakhala kutsogolo mpaka kumapeto, ngakhale kumbuyo kutagwa nyumba.

Anthu anayamba kuseka Nélida asanaone chifukwa. Mayi wina pafupi naye anati taonani sukulu yauve iyi, ana masokosi ali m'akakolo. Nélida anasuzumira. Mumzere wachitatu, Zoraida ankaponya timiyendo take tatifupi, nkhope ili gwa ndi mantha, masokosi onse awiri atapindidwira pansi. Pambali pake panali wina, kumbuyo kwake winanso. Nélida anawawerenga, anapeza khumi ndi mmodzi. Sanali onse ayi. Ambiri anali atakoka masokosi awo mpaka m'mawondo monga mwa nthawi zonse, ndipo yemwe anatenga malo ake anali atawamanga ndi mphira. Koma khumi ndi mmodziwo atadutsa, anthu n'kuona akatumba awo chakumbuyo, kuseka kunazilala. Mayi uja anasiya kutafuna.

"Mulungu wanga, ana awa wawamenya ndani?" anatero mokweza, ndipo funsolo linayamba kuyenda m'khamu kuchoka pakamwa pena kupita pena.

Briseida anamva phokosolo. Nélida anaona khosi lake likuuma, mutu ukufuna kutembenuka, koma sakanatero pamaso pa a meya. Anapitiriza kuguba akutsogolera zimene sankaziona. Pansanja, ahedi a Amparo anali ataimirira. Mmodzi wa asilikali aja anawaweramira kuwafunsa kanthu. Koma maso a ahedi anayenda m'khamu mpaka anapeza mwana wa yunifolomu ataima pakakhoma. Ndipo poti chizolowezi n'chovuta, dzanja lawo linadzuka lokha n'kukodola m'mwamba kawiri, chizindikiro chomwe mwana aliyense wa pasukulupo ankachidziwa: kweza.

Nélida anawayang'ana osaphethira. Kenaka anatembenuka pakakhoma paja, kuwafulatira iwo ndi a meya ndi asilikali awo, n'kudikira ng'oma yaikulu. Itagunda, anaponya phazi lakumanzere mpaka m'chiuno, n'kulibweza kuti phu, kenaka lakumanja. Anaguba pamalo amodzi, msana uli chilili, manja akugwedezeka bwinobwino, mikwingwirima yonse ili pambalambanda.

Bambo wina yemwe anaima pafupi anafunsa kuti kamtsikana kamakani aka n'kandani. A Fortunato analoza ndi chala chawo chong'aluka ndi miyala ya kumgodi.

"Ameneyo ndi wanga," anatero.

Mbendera inali itapita kale kutali, ndipo amuna ena onse zipewa zinali kumutu. A Fortunato anafulatira msewu, n'kuima moyang'ana mwana wawo, n'kuvula chipewa chawo chochapidwa chija.